Ubweya Wofiira wa a Haj Bihi

Sendererani kuno, abale anga, ndi inu alendo amene mwatsalira pamaliro. Ndikufuna ndinene za Ijja, mwana wanga, amene tamuika sabata yathayi. Achinyamata mwamudziwa atayamba imvi, akuyenda pang'onopang'ono popita kusukulu. Ine ndikufuna mumuone mmene analili chaka chimene chitsime chinanunkha. Kulemba ndimachita kukwawa, ndiye mundipirire, koma nkhaniyi ndisafe nayo m'kamwa.

"Anakutuma ndani kuseri kwa chigayo changa?"

Ankafunsawo ndi a Haj Bihi, apongozi ake a Ijja, eni chigayo cha azitona. Inali nthawi ya chakudya cha masana, mkate wa barele uli pamphasa, mbale ya mafuta ili pakati. Ijja anali akuthira tiyi m'makapu, ndipo sanasiye kuthirako.

"Ndimaphunzitsa, bambo."

"Kuphunzitsa n'kumeneko? Kununkhiza kuseri kwa nyumba za anthu ndi gulu la ana ngati agalu osaka? Boma linakumangira chipinda. Linakupachikira bolodi."

"Pabolodi sipagwa mvula, bambo."

Lahcen, mwamuna wake, anatsokomola n'kuyang'ana m'kapu mwake ngati mwagwera ntchentche.

Inu a masiku a mipopi ano simungadziwe. Nthawi imeneyo tonse tinkamwa mvula. Ikagwa paphiri inkatsetsereka n'kulowa m'chitsime chachikulu chija makolo anasema m'thanthwe, ndipo madzi amenewo ndi amene ankatifikitsa chaka china. Mvula isanayambe, amayi tinkasesa mtsetse wonse kuyambira pakamwa pa chitsime mpaka pamiyala yoyera, malire amene makolo anaika, ndipo mbuzi sinkaponda m'menemo. Chaka chimenecho wolondera mtsetsewo anali Tamou, mayi wamasiye amene khola la mbuzi zake linali cha m'mbali mwa phiri. Mvula yoyamba itagwa, madzi anatuluka akuda, onunkha, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Amuna sanachedwe kupeza wolakwa: mbuzi za Tamou. Anati Lachisanu akatha kupemphera agamula kuti mbuzizo zigulitsidwe, mwini wake asadzatungenso pachitsimepo. Ndipo kuno ukamuletsa munthu madzi, wamuuza kuti asamuke.

"Ndiye wapeza chiyani ndi agalu akowo?" anatero a Haj.

Ijja anaika ketulo pansi. "Tinayambira pachitsime n'kumakwera. Madzi akadutsa amasiya mapazi, bambo. Tiudzu timakodwa kumtunda kwa mwala, mchenga umapesedwa kuloza kumene apita. Ndinawauza anawo kuti atsate zimenezo chobwerera, aone kumene madzi amene timamwa amayambira. Titafika pamiyala yoyera, mapaziwo sanathe. Analowa m'ngalande ya msewu watsopano uja. Ngalandeyo yazungulira phiri, yakathera padzenje limene mumatayamo madzi akuda otsala m'chigayo mukagaya azitona."

"Chigayo chili kuseri kwa phiri."

"Inde, bambo."

"Agogo anga ankataya madzi akuda pomwepo. Bambo anga pomwepo. Madzi a kumeneko amatsikira kuchigwa cha minga, kopanda munthu. Ngakhale bulu akudziwa."

"Ankatsikira kumeneko. Msewu usanadule phiri."

A Haj anatembenukira kwa mwana wawo. "Wamva? Msewu umene ndinaupempha ine kuboma, umene iyeyu amakwererapo basi. Iwe Lahcen, kodi unakwatira kapena unakwatiwa?"

"Bambo, tiyi akuzizira."

"Azizire. Mkazi wakoyu akadzakweranso phiri limenelo ndi ana a anthu, apitirire konko mpaka kwa amake."

Phiri sanakwere. M'mawa mwake anabwereka bulu wa Tamou n'kumuimika pabwalo la sukulu. Madzi oti n'kuseweretsa kunalibe, mudzi wonse unali kukatunga kutali kuchigwa cha eni ake, ndiye anauza ana kuti aliyense abwere ndi madzi otsukira makapu a tiyi m'kabotolo. Anaitana Hnia, kamtsikana kamene sikankakhala pansi.

"Thira pamsana penipeni."

Hnia anathira. Madzi anagawikana, ena kunthiti za kumanja, ena za kumanzere.

"Amene agwera kunowa angapite uko?"

"Ayi," anayankha onse.

"Chifukwa?"

"Msana wawaletsa."

"Phiri nalonso lili ndi msana. Dontho likagwa mbali ino ndi lathu, tidzamwa. Likagwa mbali inayo ndi la chigwa cha minga. Chigwa chilichonse chimamwa za mbali yake. Tsopano taonani."

Anamasula chingwe cha buluyo n'kuchigoneka chopingasa, kuyambira pamwamba pa thako la kumanzere, kudutsa pamene msana walowa pansi, kutsikira kunthiti za kumanja. Anathira yekha kumanzere, pang'onopang'ono. Madziwo anagwira chingwe, anayenda nacho, anawoloka msana, n'kuyamba kudontha kumanja. Bulu anatopa nazo, anadzigwedeza, ana onse a kutsogolo ananyowa. Kuseka kutatha Ijja anafunsa.

"Bulu ndi phiri. Nanga chingwechi n'chiyani?"

Ana anayang'ana chingwecho. Kenaka Hnia ananena motsitsa mawu. "Msewu."

"Ine sindinanene. Wanena ndiwe."

Tamou anali atakhala m'mbali mwa khoma kudikira bulu wake. Ana atalowa m'kalasi, Ijja anakamupatsa chingwe.

"Buluyu wayamba sukulu atakalamba," anatero Tamou.

"Akukhoza kuposa ena m'kalasimo, mayi Tamou."

"Usadzivute, mwana wanga. Mbuzi zanga zimanunkha, sindikana, koma sizinunkha azitona. Aliyense amene anaweramira m'chitsime muja anamva fungo limene ndinamva ine. Koma mphuno zonse za m'mudzi muno zimagayitsa kwa a Haj. Ine azitona ndilibe. Ndili ndi mbuzi."

"Akakuletsani mupita kuti?"

"Kutauni, kwa mchimwene wanga, kukatsuka mbale za mkazi wake. Zimenezo sizikundiopsa. Koma mwamuna wanga wagona pano, ana anga agona pano. Ndani azidzawathirira madzi pamanda? Iwe uli ndi banja lako, lisunge. Nyumba ya a Haj ndi yofunda."

Ijja anathandiza mayiyo kukwera bulu, n'kubwerera kwa ana ake.

Sabata imeneyo m'mudzi munalibe mtendere. Ana ankathira madzi pa chilichonse chokhala ndi msana: amphaka, mbale zovundikira, mabondo a agogo awo. Amayi ankakalipa kuti madzi avuta, ana n'kumati ndi ntchito ya kusukulu. Ndiye amayiwo, pokalipa pomwepo, anayamba kuona nawo.

Pabwalo la amuna mkazi salankhula. Ijja mawu ake anawaika m'kamwa mwa Addi wometa, bambo ake a Hnia, munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale m'mwezi wa kusala. Lachisanu lija Ijja anakaima kuseri kwa mpanda wa mzikiti pamodzi ndi amayi ena, akumva zonse.

"A Haj, ine sindikukutsutsani," anatero Addi. "Ndingatsutse bwanji munthu amene amandipatsa khosi lake ndili ndi lumo? Koma kunyumba kwanga sindikudya bwino. Dzulo ndikuwodzera pakhonde, mwana wandithira madzi padazi kuti aone kumene apite."

Amuna anaseka.

"Ndiye ndati, tidikire mvula imodzi. Ubweya wa nkhosa umayandama, ndipo nyumba iliyonse ili nawo wonyika kale mu utoto woombera makapeti. Wachikasu tikamwaze pakhola la Tamou, wofiira padzenje la chigayo. Pakamwa pa chitsime pali minga ija timaika kuti izikola zinyalala. Ubweya umene ukakodwe pamenepo, mlandu ndi wa mwini wake. Mayiyu akakhala wolakwa, adzalakwabe mwezi wa mawa."

"Nzeru za wometa zimenezi, kapena za mpongozi wanga?"

"Wometa amangogwira mutu kunja, a Haj. Zam'kati sadziwa kumene zimachokera."

Ijja anadikira kuti apongozi ake akane. Anali ndi mphamvu yokana, ndipo palibe akanawatsutsa. Koma a Haj ankakhulupirira phiri la agogo awo kuposa chilichonse.

"Chabwino. Wofiirawo ndipereka ine, wa m'nyumba mwanga, ndipo ndikamwaza ndi dzanja langa. Mukatha mukautole kuchigwa cha minga, mundibwezere."

Anakamwazadi tsiku lomwelo, amuna akuona, akuukanikiza m'matope a m'mphepete mwa dzenje kuti mphepo isautenge. Tamou naye anamwaza wachikasu pakhola pake.

Kenaka kumwamba kunauma. Masabata anadutsa, kamtambo ngakhale kamodzi. M'nyumba ya a Haj anthu ankadya ngati pamaliro. Ijja akathira tiyi, a Haj ankasuntha kapu yawo kuti awathirire ndi wina. Iye ankangopitiriza kwa wotsatira.

Tsiku lina m'mawa mphepo inatembenuka, mitambo yakuda inayamba kukwera kuchokera kunyanja. Ijja potuluka kuti azipita kusukulu anapeza Lahcen kuseri kwa nyumba, fosholo ili paphewa.

"Mukupita kuti ndi fosholo?"

"Kumunda."

"Munda wathu unasamukira kumsewu?"

Lahcen anatsitsa fosholoyo. "Ndinakayenda ndekha ngalande ija, Ijja. Ukunena zoona. Anthu akuikumba ndinkawaimirira ndine. Ndinkangofuna madzi asakokolole msewu, sindinaganize kumene akathere. Pamene yakhotera paja, mafosholo ochepa chabe nditseka, madzi abwerera kuchigwa cha minga. Chitsime chikatapidwa sichidzanunkhanso. Si zimene ukufunazo?"

"Nanga ubweya wofiira?"

"Upita kuchigwa."

"Ndiye amuna adzati a Haj analibe mlandu. Tamou?"

"Wachikasu nawonso sufika. Mwina amusiya."

"Mwina. Madzi ananunkha, ana anadwala, woti amuloze chala akufunikabe. Inu mukuganiza aloza ndani?"

"Ndi bambo anga, Ijja. Anthu amawapsompsona dzanja panjira. Ukufuna aime pamaso pa mudzi wonse ngati mwana wogwidwa m'munda wa eni?"

"Ine sindinawaimike pamenepo. Ubweya anamwaza okha."

"Akuthamangitsa."

"Njira ya kwa amayi ndikuidziwa."

"Nanga ine?"

"Inunso mukuidziwa. Munaiyenda mpaka nsapato kutha."

Lahcen anafuna kuseka koma sizinatheke. Ijja anamuyandikira, n'kutsitsa mawu kuti a m'nyumba asamve.

"Ana aja ndinawauza kuti madzi amapita kumene nthaka yawatuma, safunsa kuti malo ndi a ndani. Anandikhulupirira, anakauza makolo awo, ena anamenyedwa nazo. Mukatseka lero, mawa ndikawauza chiyani? Kuti ndinanama? Chitsime chawonongeka kale, chitapidwa basi, palibe akumwapo. Chimene chatsala ndi Tamou. Mukatseke mawa, ndidzakunyamulirani miyala pamutu. Lero ayi."

Mwamunayo anayang'ana mitambo. Kenaka anatsamiritsa fosholo kukhoma.

"Pita kusukulu. Ukuchedwa."

Mvula inayamba dzuwa lili pamutu. Madontho oyamba atagwa padenga la sukulu, Ijja anatseka buku n'kuwauza ana kuti phunziro lapita panja. Iye anatsikira kuchitsime, pakuti phiri anamuletsa. Ana ndi amene anakwera, ndipo malo awo anali atagawana okha kalekale: akuluakulu kudzenje la chigayo, ena m'mbali mwa msewu, ena pamene ngalande yakhotera, ang'onoang'ono pamiyala yoyera, aliyense pamene mnzake angamumve. Amayi awo anawatsatira ndi masaka oti afunde.

Pachitsime anthu anadzaza, amuna kutsogolo, amayi kumbuyo. A Haj anabwera pang'onopang'ono, chipewa cha mkanjo wawo chili kumutu, n'kuima pafupi ndi minga. Tamou anaima yekha, palibe anamuyandikira. Mvula inalimba. Madzi a mumtsetse anayamba kufika, ofiirira ndi dothi monga mwa masiku onse, opanda kanthu. Wina anati, "Mwaona?"

Kenaka mawu anayamba kutsika phiri. Oyamba anali kutali, osamveka bwino. Mwana wina anawalandira, n'kupatsira wina, mpaka anafika.

"Dzenje lasefukira!"

Patapita kanthawi, anabweranso.

"Alowa m'ngalande!"

"Akhota! Akubwera kuno!"

Ijja anaima chilili, mvula ikumutsikira kumaso, osapukuta. Ankawazindikira mmodzimmodzi ndi mawu. Wina anali mwana amene m'kalasi sanatsegulepo pakamwa chaka chonse.

"Adutsa miyala yoyera!"

Amenewo anali mawu a Hnia, ndipo panalibenso chofunsa. Onse anawaona madziwo akubwera, mzere wakuda pakati pa ofiirira, fungo lili patsogolo. Anafika paminga. Kaubweya kamodzi kanakodwa, kenaka kena, kenaka tambirimbiri, mpaka minga yonse inafiira. Wachikasu panalibe ngakhale kamodzi. Mnyamata amene anali kukhola la Tamou anabwera akuthamanga kudzanena kuti wachikasu wonse watsikira kunjira ya kumsika.

Ngakhale Addi pakamwa panatsekeka.

Tamou anadutsa pakati pa amuna, chinthu chimene sanachitepo. Anawerama, anatola kaubweya kamodzi paminga, anakafinya, n'kukapereka ndi manja awiri.

"Wanu uwu, a Haj. Munati tikubwezereni. Ubweya wabwino, usatayike."

A Haj anayang'ana manja a mayiyo. Analandira. Kenaka analankhula kwa amuna, osati kwa iye.

"Chitsime nditapitsa ine. Ngalande itsekedwa mawa. Mbuzi za mayiyu munthu asazikhudze, ndipo atunge monga kale."

Kupepesa sanapepese. Potuluka m'gululo anaima pamaso pa Ijja.

"Ndinati usakwere."

"Sindinakwere, bambo."

"Katenge zako."

Ine zonsezi ndinali ndisanamve, chifukwa tsiku limenelo miyendo inandikana, ndinali kwathu kumunsi. Dzuwa lisanalowe mvula inakata, ndipo ndinamva phokoso panjira ngati la ukwati. Nditasuzumira ndinaona mwana wanga akubwera, wonyowa mpaka m'mafupa, mtolo wa zovala uli pamutu, khosi lili chilili. Kumbuyo kwake bulu wa Tamou atasenza bokosi la mabuku, Tamou mwini wake akumukoka. Kumbuyo kwa bulu, sukulu yonse, matope mpaka m'mawondo, amayi awo akutsatira. Mkazi wothamangitsidwa kubanja kuno amabwera mozemba, kuseri kwa minda, nkhope ataphimba. Wanga anadzera pamsewu.

"Amayi, ndabwera."

"Ndaona. Walakwa chiyani?"

"Ndaphunzitsa."

Ndinatulutsa kapeti ya alendo, ija sinkayalidwa popanda chikondwerero, ndinaiyala pakhonde. Ana amatopewo anakhalapo onse, ndipo shuga wanga anatha tsiku limenelo.

M'mawa mwake Ijja anakwera phiri kukanyamula miyala monga analonjezera, iye pamutu, Lahcen ndi fosholo, osalankhulana zambiri. Nyengo yogaya azitona itatha, Lahcen anatulukira pakhomo panga ndi chikwama chake, n'kufunsa ngati pali malo. Ndinamuuza kuti denga likudontha, akalikonza malo apezeka. Wakhala pano mpaka lero, ndi uyo wakhala pakona apoyo, musamuyang'ane, akulira. A Haj sanapondepo pakhomo pano mpaka imfa yawo. Tamou anakalambira m'nyumba yake, anafera momwemo, ndipo anamuika pafupi ndi anthu ake.

Ine masiku anga atsala ochepa, ndipo si bwino kuti mayi aike mwana. Koma zachitika. Inu amene munaima paphiri tsiku lija, lero muli ndi ndevu, ena mwabereka, ena mwachokera kutauni kudzamuika. Musamangoti aphunzitsi aja. Muzimutchula dzina, Ijja. Ana anu muziwauza kuti inu munaima pati, ndipo munafuula kuti chiyani.